Kagalimoto ka rimoti kamene ndinakonzanso: zimene ndaona kuyambira mu Febuluwale

Mu Epulo ndinalemba zoyamikira kagalimoto ka rimoti kamene ndinagula kakale n'kukakonzanso ndekha, ndipo ena mwa inu munandiuza kuti mukufuna kuchita chimodzimodzi. Zimene ndinalemba nthawi imeneyo zinali zoona, koma kagalimotoko kanali kasanadutse m'nyengo yozizira ya kuno ku Johannesburg, pamene mvula imasowa miyezi ingapo ndipo bwalo lililonse limasanduka fumbi lokhalokha. Chimene chandibwezera pa nkhaniyi ndi funso la mnzanga wina wa ku Mzimba amene timapemphera limodzi ku Rosettenville. Iye akufuna kutengera mwana wake mphatso popita kumudzi mu Disembala, ndipo anandifunsa kuti: "Achimwene, kodi ndigule kakale n'kumakakonza ngati mmene munachitira inu, kapena ndingogula katsopano ka m'bokosi?" Sindinamuyankhe tsiku lomwelo chifukwa ndinafuna kuti ndiyambe ndasonkhanitsa malisiti, ndipo nditawawerengera onse ndinaona kuti pa zimene ndinalemba mu Epulo pakufunika kuwonjezera zina.

Kwa amene simunawerenge zoyambazo, kagalimotoka ndi ka kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, ka mtundu wa Neo Scorcher, kamene kanatuluka mu 2013 ndipo kamamangidwa pa chasisi (chimango cha pansi chonyamula zida zonse) chotchedwa TT-02B. Ndi ka sikelo ya 1/10 (kochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni), kamayendera batire, ndipo matayala onse anayi amakoka chifukwa pali shafiti yaitali yopereka mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinakagula mu Febuluwale pa R1,600 kwa munthu wina wa ku Kempton Park amene mwana wake anali atatopa nako. Kanabwera ndi rimoti yake, batire lakale la mtundu wa NiMH la 7.2V limene silinkachedwa kutha mphamvu, matayala osalala ndiponso matope ouma paliponse. Ndinakamasula konse, ndinatsuka chida chilichonse, ndinapaka girisi watsopano m'magiya, kenako ndinayamba kusintha zida chimodzichimodzi malinga ndi mmene ndalama zinkapezekera.

Zambiri mwa zimene ndinayamikira zikugwirabe ntchito ndipo sizifuna mawu ambiri. Rimoti ya 2.4GHz sinasokonezekepo ngakhale pabwalo pakhale anthu angapo oyendetsa nthawi imodzi. Servo (kachida kokhotetsa matayala akutsogolo) ya magiya achitsulo imene ndinagula pa R380 ikukhotetsabe matayala mwamphamvu. Chasisi chagunda miyala ndi zitsa kambirimbiri ndipo kunsi kwake kuli zipsera, koma sichinang'aluke. Chivundikiro cha magiya chimatseka bwino, moti nditachitsegula mu Sepitembala ndinapeza girisi alibe mchenga. Matayala a R450 atha pakati, zimene n'zosadabwitsa pa dothi louma ndi lolimba.

Chida chimene chandisangalatsa kwambiri ndi chimodzi mwa zotsika mtengo. Timagalimoto ta mtengo wapansi ta kampaniyi timabwera ndi timphete tosalala m'malo mwa mabering'i, kuti wogula koyamba asalipire zambiri. Timphete timeneti timagwira ntchito, koma shafiti imazungulira mokhulana nato, ndipo fumbi likalowa pakati zonse ziwiri zimadyeka mpaka tayala limayamba kugwedera. Ndinagula mabering'i a kagalimoto konse pa R280, ndipo ndinasankha otsekedwa ndi mphira m'mbali mwake, chifukwa amatchinga fumbi kuposa otsekedwa ndi chitsulo ngakhale kuti amalimba pang'ono pozungulira. Tsiku limene ndinawaika, batire lakale lomwe lija linakhalitsa kuposa kale, mota inasiya kutentha msanga, ndipo tayala ukalizungulitsa ndi chala limapitirira lokha kwa kanthawi. Nyengo yonse ya fumbi yatha, bering'i imodzi yokha ya tayala lakumbuyo ndi imene inayamba kulira, ndipo nditaitsuka n'kudontheza oyilo pang'ono inakhala chete mpaka lero.

Mota yatsopano ya brushless (yopanda timabulashi tokhula m'kati) ya 3300kV pamodzi ndi ESC yake, kabokosi kamene kamagawa mphamvu kuchokera ku batire kupita ku mota, zinandidyera R1,350. Nambala ya kV imasonyeza maulendo amene mota imazungulira pa mphindi pa volt iliyonse ikakhala kuti sikukoka kanthu, choncho pa batire la 7.4V mota imeneyi imafika cha m'ma 24,000. Giya yaing'ono ya mano 17 ndinaisintha ndi yachitsulo ya R120, koma kuchuluka kwa mano sindinakusinthe, ndipo yaikulu ya mano 70 ndi yomwe ija. Pa liwiro palibe chodandaula, chifukwa mmene zilili kagalimotoka kamathamanga kuposa mmene mabwalo ambiri a kuno angalolere. Chofunika kusamala ndi kutentha. Mzinda uno uli pamalo okwera pafupifupi mamita 1,750, mpweya wake ndi wopepuka ndipo suziziritsa mota ngati wa m'mphepete mwa nyanja, choncho ndikayendetsa m'maudzu aatali ndimaima kawirikawiri n'kukhudza mota. Chala chikalephera kukhalapo kwa masekondi ochepa ndimadziwa kuti yayandikira madigiri 70, ndipo ndimaipumitsa.

Mabatire awiri a mtundu wina wotchedwa LiPo ndinagula pa R1,200 ndipo chaja yake inali R750. Mphamvu zake n'zosayerekezeka ndi za NiMH, koma amafuna mwambo. Selo iliyonse, kutanthauza kachigawo ka m'kati mwa batire, imadzaza pa 4.2V, siyenera kutsika kupitirira cha pa 3.2V, ndipo batire likakhala masiku osagwiritsidwa ntchito liyenera kusungidwa pa 3.8V pa selo. Batire la mtunduwu likabooka kapena likatchajidwa molakwika limatha kuyaka, choncho ndimatchajira m'thumba losagwira moto, pa simenti, ine ndili pomwepo. Abale athu ambiri amakhala m'chipinda chimodzi m'mafulati a ku Yeoville kapena ku Hillbrow, momwe bedi, zovala ndi chitofu zili pamodzi, ndipo munthu wotere aganizire bwino asanalowetse batire limeneli m'nyumba.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa mtendere. Mu Meyi ndinapita ku shopu ina ya zida za timagalimoto kumpoto kwa mzindawu kukagula oyilo, ndipo mwini shopu anandionetsa ma shock anayi a aluminiyamu, obiriwira monyezimira, pa R720. Pa paketi panalibe dzina la kampani yowapanga. Iye ananditsimikizira kuti ndi olimba kuposa a pulasitiki amene kagalimotoka kanabadwa nawo, ndiponso kuti mota yamphamvu ngati yanga imafuna ma shock otere. Mawuwo anali omveka ndipo ndinagula. Kuti zimene zinatsatira zimveke, ndifotokoze pang'ono mmene shock imagwirira ntchito. Sipuling'i yakunja ndi imene imanyamula kulemera kwa kagalimoto. M'kati muli oyilo wa silikoni ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono, ndipo oyiloyo podutsa m'timabowoto amachepetsa liwiro la sipuling'i kuti kagalimoto kasamadumphedumphe. Shafiti ya pisitoniyo imalowa ndi kutuluka kunsi kudzera m'timphete tiwiri ta mphira, ndipo timphete timeneti ndi tokha timene timasunga oyilo m'kati.

Masabata oyamba zonse zinali bwino. Mu Juni ndinaona kuti kunsi kwa shock yakumbuyo kumanzere kwamata fumbi lakuda lonyowa, pamene zinzake zinali ndi fumbi louma. Ndinaitsegula n'kupeza kuti oyilo watsika pafupifupi theka. Ndinadzazanso ndi oyilo wa 400 cSt (nambala yosonyeza kulimba kwa oyilo) amene shopu yomweyo inandigulitsa, koma pasanapite nthawi inzake yakumanja inayambanso. Nditabwerera ku shopu, mwiniwake anangoyang'ana n'kunena kuti shock iliyonse imatuluka thukuta pang'ono ndipo ndisade nkhawa. N'zoona kuti shafiti imatuluka ndi kachinyezi ka oyilo, koma kachinyezi sikamaliza theka la shock m'masabata ochepa. Pofika mu Julayi onse anayi ankadontha, ndipo pashelefu pamene ndimaika kagalimotoko pankapezeka madontho m'mawa uliwonse. Ulendo umenewu mwini shopu anavomera kuwalandira, anasintha timphete tonse, anandilipiritsa R90 ya oyilo, ndipo anandilembera kapepala kosonyeza tsiku ndi ntchito imene anagwira. Kapepala kameneko ndinakasunga pamodzi ndi lisiti.

Kenako inafika mphepo ya mu Ogasiti, imene aliyense wokhala kuno amaidziwa. Loweruka lina ndikuyendetsa pabwalo lina la dothi cha ku Turffontein, kagalimoto kanadumpha kachulu kamene kanali katadumphapo bwinobwino kambirimbiri, koma potera kumbuyo kunagunda pansi n'kunyamukanso, ndipo kanagubuduzika mpaka thupi lake la pamwamba linang'ambika pafupi ndi phiko lake lakumbuyo. Nditakanyamula n'kukanikiza kumbuyo ndi dzanja, kunabwerera mofulumira popanda choletsa, kusonyeza kuti m'ma shock onse awiri akumbuyo munalibe oyilo. Tsiku limenelo munthu akanandipatsa R2,000 ndikanamupatsa zonse, pamodzi ndi chaja.

Amene anandithandiza kumvetsa vutoli ndi bambo wina wachikulire wa ku Mangochi, amene tonse timawatcha amalume, ndipo agwira ntchito zaka zambiri pamalo okonzera zida za hydraulic ku Germiston. Ndinawatengera ma shock onse ndi mawu akuti: "Amalume, ndionereni, mwina timphete timeneti ndi ta mphira yachabechabe." Iwo anamasula imodzi, anapukuta shafiti ndi kansalu, anaiyang'ana padzuwa, kenako anati: "Aphwanga, mphirayi mukuinamizira. Tayendetsani chikhadabo pa chitsulochi." Nditayendetsa chikhadabo ndinamva timizere totsatira utali wa shafiti. Kenako anandionetsa kumtunda pafupi ndi pisitoni, kumene fumbi silifika, ndipo kumeneko kunali timizere tina tozungulira totsala pa makina osemera, kusonyeza kuti shafitiyo inachoka kufakitale isanasalazidwe. Anakanda kunsonga kwake ndi tupa pang'ono chabe ndipo tupayo inadya mosavuta, umboni wakuti chitsulocho sichinalimbitsidwe. Pomaliza anagwedeza shafiti ili m'malo mwake ndipo inkasewera uku ndi uku, chifukwa bowo loitsogolera linali lalikulu kuposa muyezo.

Iwo anafotokoza kuti zinthu zitatuzi zimathandizana kuwononga. Fumbi la m'dera lino lili ndi mchenga wa quartz wambiri, makamaka kumwera kwa mzinda kumene kuli milu ya dothi lotsala m'migodi ya golide, ndipo quartz ndi yolimba kuposa chitsulo wamba. Mchengawo umamata pa shafiti yonyowa, umalowa nayo m'timphete, umakanda chitsulo chofewacho, ndipo timizereto timasanduka njira za oyilo. Shafiti ikamasewera imakankhira kamphete mbali imodzi n'kusiya mpata mbali inayo. Motero munthu akhoza kusintha timphete mwezi uliwonse popanda phindu, chifukwa shafiti yokandika imadula tatsopano m'masabata ochepa. Ndinafunsa ngati angandipangire mashafiti ena kuntchito kwawo, ndipo anaseka n'kunena kuti ntchito yakeyo ingadule kuposa ma shock anayi atsopano. M'malo mwake anandifunsa kumene ndinaika akale aja.

Akalewo, a pulasitiki otchedwa CVA, anali m'chigoba cha ayisikilimu pansi pa bedi kuyambira mu Meyi. Nditawamasula ndinapeza mashafiti ake ali osalala ngati galasi, ngakhale kuti anali atagwira ntchito kwa mwini woyamba kwa nthawi yaitali popanda chisamaliro. Ndinagula timphete tatsopano, ndinatipaka girisi pang'ono ndisanalowetse shafiti monga anandilangizira amalume, ndinathira oyilo yemwe uja wa 400 cSt, ndipo ndinadikira kuti thovu lonse likwere ndisanatseke. Zonsezi sizinafike R100. Kuyambira mu Sepitembala sindinawonjezerepo oyilo, ndipo pashelefu paja ndi pouma. Kagalimoto kakatera kamakhazikika kamodzi n'kupitirira. Mvula yoyamba ya mu Okutobala itagwetsa fumbi n'kufewetsa dothi, kanayenda bwino kuposa tsiku lina lililonse chikagulireni, ndipo maganizo ogulitsa aja anatheratu.

Nkhani ya mwini shopu ndi imene sinathe. Nditabwerera ndi ma shock, lisiti ndi kapepala ka mu Julayi, n'kumufotokozera zimene zapezeka, iye anayankha kuti zida zowonjezera sizibwezedwa zikathiridwa oyilo, ndiponso kuti ndinawawononga ndekha powayendetsa m'fumbi. Shock siigwira ntchito popanda oyilo, ndipo kagalimoto ka mtundu uwu anakapangira dothi, choncho mayankho onse awiriwa sanandikhutiritse. Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, limanena m'gawo 56 kuti katundu akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6 chilandirireni, wogula akhoza kumubweza, ndipo wogulayo ndi amene amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Limanenanso kuti wogulitsa akakonza koma vutolo n'kubwereranso pasanathe miyezi 3, ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Wogulitsa amamasuka ngati wogula anasintha katunduyo mosemphana ndi malangizo, koma pa paketi ija panalibe malangizo aliwonse oletsa oyilo kapena dothi.

Nditatchula lamuloli, kalankhulidwe kake kanasintha pang'ono. Ananena kuti akhoza kundipatsa theka la mtengo, R360, koma ngati ngongole yoti ndigulire zinthu zina mu shopu yake yomweyo. Ndinakana mwaulemu. Ndikudziwa kuti ambiri a ife Amalawi tikakhala kudziko la eni timaopa kukangana ndi mwini bizinesi, ndipo timangoti zapita n'kutuluka. Koma lamuloli limanena za wogula ndipo silifunsa kumene munthu anabadwira. Chimene chinandiwawa kuposa ndalama n'chakuti pamene tinkakambirana, ma shock a mtundu womwewo anali akadali pakhoma, pa mtengo womwewo, ndipo iye sanafune n'komwe kuyendetsa chikhadabo pa shafiti imene ndinamupatsa.

Malisiti onse pamodzi, kuphatikizapo oyilo, girisi ndi timphete, akupitirira R7,000, osawerengera ndalama za thiransipoti yopita kumpoto ndi kubwerako. Pa ndalama imeneyi munthu akhoza kugula kagalimoto katsopano kokonzeka kale kuyenda, ndipo n'chifukwa chake sindingauze munthu kuti kukonzanso kakale n'kupulumutsa ndalama. Phindu lake lili pena. Ndikudziwa chida chilichonse cha m'kagalimotoka, chikathyoka ndimadziwa nambala yake, ndipo zida zenizeni za chasisi chimenechi sizisowa. Kwa munthu wamkulu amene amasangalala kukhala ndi sikuludiraiva madzulo akaweruka, ndalamayo siinapite pachabe, kupatulapo R720 ija ndi R90 ya oyilo.

Mnzanga wa ku Mzimba ndamuyankha mosiyana ndi mmene ndinachitira ine, chifukwa iye akugulira mwana amene adzakhala kutali ndi shopu zogulitsa zida zotere. Ndamuuza kuti akapeza kakale kosathyoka ka kampani yodziwika agule, aikemo mabering'i, matayala atsopano ndi batire latsopano la NiMH, asiye mota imene kanabwera nayo, ndipo ma shock angowasinthira timphete ndi oyilo. Zimenezi siziyenera kufika R3,000 ngati wapeza kakaleko pa mtengo wonga wanga. Atengerenso mikono ya matayala yapadera, timphete ndi kabotolo ka oyilo, chifukwa zimenezi n'zimene zimafunika msanga. LiPo asapatse mwana. Ndamuchenjezanso kuti lamulo lija limagwira ntchito pa ochita malonda, choncho akagula kwa munthu wamba amene akungogulitsa katundu wake, ayese chilichonse asanapereke ndalama. Akalowa mu shopu afunse dzina la kampani yopanga chida chimene akumuonetsa, afunse ngati mashafiti ndi timphete take timagulitsidwa patokha, ndipo wogulitsa akayamba kuzungulira pa mafunso amenewa asatulutse chikwama.

Kumbali yanga, ndinalembera mwini shopu kalata yopempha kuti andibwezere ndalama yonse, ndipo popeza sanayankhe, ndatumiza dandaulo ku ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, imene imamva madandaulo a ogula popanda malipiro. Ndaphatikizapo lisiti la mu Meyi, kapepala ka mu Julayi ndi zithunzi za mashafiti. Matayala akufunika kusinthidwa Disembala asanafike, ndipo ndapeza kale shopu ina kum'mawa kwa mzinda imene mtengo wake ndi wokwera ndi R40, koma wogulitsa wake anandilola kutsegula paketi n'kuona katundu ndisanalipire.